Kope Limene Achimwene Akulifunabe

Ndiyambe ndi chimene ndakhala ndikubisa. Kope lobiriwira limene mlamu wanga Filipa ankalembamo nyimbo zake silinatayike. Lili m'manda ku Lang'ata, pansi pa mutu wake, ndipo amene analiikamo ndine. Papita zaka zitatu tsopano. Amuna anga, bambo a Tadala, sakudziwa. Achimwene anga, amene anali mwamuna wa Filipa, sakudziwanso, ndipo ngati angawerenge izi ndiye kuti ndawauza, popeza pakamwa ndalephera. Ndilemba mmene tsiku loika malirolo linayendera, kuyambira m'mawa, kuti muone nokha pamene ndinaima.

Ndinadzuka kusanache, Tadala atayamba kufunafuna bere. Nthawi imeneyo anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Tinagona pansi pabalaza kunyumba kwa achimwene ku Donholm, amayi okhaokha, mipando yonse titaitulutsa panja monga timachitira kwathu. Nyimbo zinali zitaleka, mawu atasasa. Pakati pa balaza, pamene pakanakhala bokosi, panali katebulo, chithunzi chake ndi kandulo yotsala pang'ono kutha. Mwini nyumba imene achimwene ankachita lendi anakanitsitsa kuti thupi ligone m'nyumba mwake, ndipo kuno ku Nairobi anthu anazolowera kukalitenga ku mochale m'mawa wa tsiku loika. Amayi achikulire ankadandaula kuti tikuchezera maliro mwini wake kulibe. Ndikuyamwitsa, dzanja langa linali m'chikwama cha matewera, likukhudza kope lija. Linali litakhala mmenemo masiku asanu ndi anayi.

Filipa anali Mngelezi. Anakulira m'tauni ina ya mafakitale kumpoto kwa dziko lawo, ndipo kuimba anayambira m'kwaya ya kusukulu. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankaimba kale m'malo omwera mowa, nyimbo zopeka yekha, zija zapang'onopang'ono zimene woimba amakoka mawu kuchokera pansi pa chifuwa. Anthu a kampani ina yojambula nyimbo anamumva, anamutengera ku London, chimbale chinatuluka. Nyimbo imodzi inamveka ndithu pa wailesi kwawoko. Koma iye sankafuna n'kuitchula komwe. Anandiuza kuti anailemba bambo ake atamwalira, iyeyo ndi piyano basi. Ku situdiyo anaithamangitsa, anaikamo ng'oma, ndime yachiwiri anaisintha kuti ikhale ya chibwenzi. Tsiku lina anaimva m'sitolo ya nsapato, atsikana ogulitsa akuivina, ndipo anatuluka osagula kanthu.

Ku Nairobi anabwera kudzaimba mu hotela kwa miyezi itatu. Kumeneko anakumana ndi achimwene, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu othawa kwawo, ndipo miyezi itatu ija inasanduka zaka zinayi. Lachisanu ndi Loweruka ankaimbira alendo nyimbo za eni ake. Zakezake ankalemba masana, pakhonde lakuseri, m'kope wamba la ana asukulu. Ine satifiketi yanga ya usekilitale ndinali nayo koma ntchito ndinalibe, choncho ndinkakwera minibasi, imene kuno amati matatu, kuchokera ku Roysambu kukaswera naye. Ankandiimbira mzere umodzi kasanu, n'kufunsa kuti, “Mlamu, apa bwanji?” Chichewa chake chinkathera pomwepo ndi pa moni.

Khansa ya m'magazi inamupeza ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anapita kwawo kukalandira mankhwala, koma atamuuza kuti palibenso chochita anabwerera kwa mwamuna wake. Kutatsala masiku atatu kuti atisiye, achimwene atatsika kukagula madzi akumwa, anatulutsa kope pansi pa pilo ya kuchipatala n'kulilowetsa yekha m'chikwama cha matewera. Anati nyimbo za mmenemo n'zosatha, ndipo akamwalira anthu adzazimaliza m'malo mwake, adzaikamonso ng'oma. Anati ndikamugoneke nalo m'bokosi. Mwambo wathu ankaudziwa, chifukwa anaona pa maliro ena kuti mkazi amasambitsidwa ndi kuvekedwa ndi akazi anzake, amuna ali panja. “Lonse, mlamu,” anatero. “Ndipo mwamuna wanga musamuuze. Akapemphedwa chinthu satha kukana.” Ndinavomera. Munthu akugwira dzanja lako pa bedi la kuchipatala, sindidziwa kuti umakana bwanji.

Kutayera, moto unayamba kuseri kwa nyumba. Anansi a ku Kenya anatibwereka majiko, mbaula zawo za makala, ndi masefuliya akuluakulu. Ena ankasankha mpunga, ena ankadula sukuma, ndiwo zamasamba za kuno, ena ankagawa tiyi wamkaka ndi mandasi kwa amuna amene anagona mu tenti. Mayi wina anakumbutsa anzake tsiku limene Filipa anatiphikira nyemba zopanda mchere n'kutiuza kuti mchere umaumitsa mawu. Tinaseka motsitsa, kenako mmodzi anayamba kulira, ndipo tonse tinabwerera ku ntchito. Kumwamba kunali mitambo yolemera, poti inali nyengo ya mvula yaikulu. Anthu anayamba kufika: Amalawi ogwira ntchito m'mafakitale ku Athi River, a ku ofesi ya achimwene, a kumpingo, ndi oimba a bandi ya kuhotela atavala masuti awo oimbira, chifukwa zovala zakuda zimene anali nazo zinali zomwezo. Ena ankati pole, ena pepani, ndipo nsapato zinadzaza pakhomo mpaka kufika pa masitepe.

Ndikupita kukasintha mwana ndinakumana ndi achimwene m'kanjira ka kuchipinda. Malaya anali atawamanga mabatani molakwika.

“Amake Tadala, kope lake lija simunalioneko kuchipatala?”

Ndinati sindinalione. Chikwama chinali paphewa panga, pakati pa ine ndi iwo.

“Ndiye kuti anamwino aja analitayira limodzi ndi nyuzipepala,” anatero, n'kudutsa. Mpaka lero amawanenabe anamwino amenewo, ndipo mtima wanga umaluma nthawi iliyonse.

Cha m'ma eyiti tinanyamuka amayi anayi kupita ku mochale: atcheya a bungwe la amayi kumpingo kwathu, amayi awiri achikulire, ndi ine, chifukwa ku banja la mwamuna wamkazi ndinalipo ndekha. Atcheya anandiuza kuti mwana ndimusiye, kumalo otere sapita khanda. Ndinamusiya kwa bambo ake ndi matewera atatu, koma chikwama ndinatenga.

“Nanga matewera mukukamuveka ndani?” anafunsa atcheya.

Ndinati muli mafuta odzola ndi sopo. Zinalimodi.

Ogwira ntchito kumeneko anali atamusambitsa kale, koma atcheya anawapempha kuti atipatse mpata, ndipo tinamupukutanso ndi madzi ofunda, tikuimba motsitsa. Tinamuveka diresi yake yabuluu imene ankaimbira, pamwamba n'kumufunditsa chitenje. Tsitsi linali litathothoka ndi mankhwala, choncho tinamumanga duku. Titamugoneka m'bokosi, amayi awiri aja anapita kukaitana amuna, atcheya anatembenuka kukataya madzi. Ndinatulutsa kope. Linatseguka lokha pa tsamba limene pamwamba pake panali dzina la Tadala, mizere isanu ndi umodzi, ina yofufutidwa. Ndinadziwa kuti ndi nyimbo ija ankamuimbira mwana pomugoneka masana. Ndinagwira tsambalo pakona. Ndikanaling'amba, palibe akanadziwa. Koma anati lonse. Ndinatseka, ndinakweza mutu wake, umene unali wozizira ndi wolemera kuposa mmene ndinkaganizira, n'kulilowetsa pansi pa pilo.

Nditaweramuka ndinapeza atcheya akundiyang'ana, beseni lili m'manja. Analiika pansi, anabwera, anakonza pilo kuti kona yobiriwira isaoneke.

“N'zake?”

Ndinavomera ndi mutu.

“Ngati n'zake, apite nazo.”

Sanadzaitchulenso nkhaniyi, ngakhale timakhala benchi limodzi Lamulungu lililonse.

Maliro anachedwa masiku onsewa chifukwa tinkadikira mayi ake a Filipa. Anafika dzulo lake, okha, mayi woonda wovala chipewa chakuda. Kutchalitchi tinawakhazika pakati pathu, ndipo wina anawakulunga chitenje m'chiuno pamwamba pa siketi yawo. Sanakane. Pa nthawi yoona nkhope anaima nthawi yaitali, akusisita duku, zala zawo zili pafupi kwambiri ndi pilo. Mkulu wa mpingo anawerenga mbiri ya malemu m'Chingelezi ndi m'Chichewa. Anatchula chimbale chija ndi nyimbo imene inamveka pa wailesi, monyadira, ngati ndicho chachikulu chimene Filipa anachita pa dziko. Oimba a bandi anali atapempha kuti ayiimbe nyimboyo bokosi likamatuluka, koma abusa anakana kuti si ya m'tchalitchi. Sanadziwe kuti amuchitira zabwino.

Ulendo wa kumanda unali wautali. Galimoto ya bokosi inali patsogolo, ife pambuyo m'matatu atatu obwereka, atamangidwa tinsalu tofiira pa magalasi a m'mbali monga amachitira kuno. Pa msewu wa Outer Ring tinaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto. Ogulitsa nthochi ankabwera pa zenera, akaona tinsalu tija n'kubwerera mwakachetechete. Amayi ankaimba, nyimbo ikatha wina n'kuyambitsa ina. Mvula inatipeza tisanafike, yosakalipa koma yosaleka. Ku Lang'ata dothi lofiira linali litasanduka matope omata ku nsapato. Kwathu adzukulu amakhala anthu odziwana nawo, amene amanyoza ndi kuseketsa anamfedwa. Kuno anali amuna olembedwa ntchito, osatidziwa, amene ankafulumira chifukwa chapafupi panali maliro ena akudikira. Bokosi linatsika. Achimwene anaponya dothi, mayi ake a Filipa anaponya, ine ndinaponya Tadala ali kumsana. Ndinamva phokoso lake pa thabwa ndipo ndinati mumtima, basi, zatha, ndakwanitsa.

Dothi litakwana, nkhata zamaluwa zitaikidwa, mayi aja anandigwira mkono pansi pa ambulera yawo. Anati Filipa ankanditchula kawirikawiri m'makalata. Kenako anafunsa za kope. Anati munthu wina wa ku situdiyo kuja wawaimbira kale foni, akufuna kuzimaliza nyimbozo kuti patuluke chimbale chomukumbukira. Nditamva zimenezo mtima unakhala pansi, ndinati Filipa ankanena zoona. Koma anapitiriza. Anati iwo za chimbale alibe nazo ntchito, ndipo munthuyo sakanamupatsa. Makalata ali nawo ambiri, koma m'makalata mwana wawo ankangolemba kuti zonse zili bwino, dzuwa likuwala, musadandaule. Ankafuna kuona zimene ankalemba akakhala yekha.

“Ndikanangoliika pafupi ndi bedi langa,” anatero.

Tinali titaima masitepe awiri kuchokera pamene linali. Ndinati pepani mayi. Ndinati tipitiriza kufunafuna.

Titabwerera ku Donholm tinasamba m'manja pageti, m'beseni limene amayi otsala anatikonzera. Anthu anadya, anatsanzika. Amuna anagwetsa tenti, anansi anadzatenga majiko awo, mipando inabwerera m'malo mwake. Pofika madzulo mvula inali italeka ndipo m'nyumba munatsala anthu ochepa. Mayi aja anagona m'chipinda cha alendo, chitenje chija atachipinda bwinobwino pa mpando. Bambo a Tadala anapita kukaperekeza abusa. Kuchipinda kwa achimwene ndinkamva madilowa akutsegulidwa limodzilimodzi, kenako sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi.

Tadala anakana kugona. Ndinayenda naye pabalaza, ndipo sindinazindikire kuti ndayamba kung'ung'udza nyimbo yake ija. Madilowa analeka. Achimwene anabwera kudzaima pakhomo, anamvetsera mpaka mwana anatseka maso.

“Imeneyo ndi yake,” anatero motsitsa. “Mawu ake mukuwakumbuka?”

Ndinati ayi. Pa zonse zimene ndinawauza tsiku limenelo, choona chinali chimenecho. Anagwedeza mutu, anabwerera kuchipinda, ndipo ndinamvanso dilowa likutseguka.

Tadala tsopano ali pafupi kukwanitsa zaka zinayi. Nyimboyo amaing'ung'udza akamasewera, yopanda mawu, ndipo tsiku lina adzandifunsa kuti imati chiyani. Achimwene atasamuka kuchoka ku Donholm anatsegula katoni iliyonse kawiri. Mayi aja amanditumizira khadi pa Khirisimasi, ndipo pansi pake amalemba kamzere kofunsa ngati lapezeka. Chaka chino sindinawayankhe. Filipa anandipempha chinthu chimodzi chokha pa zaka zonse zimene tinadziwana, nyimbozo zinali zake, ndipo anali ataona kale zimene anthu amachita nazo. Koma iye sakumva kuwawa kumene aliko. Amene akumva ndi awiri amene ndinawanamiza tsiku limodzi. Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amayi anzanga amene munavekapo maliro, ndiuzeni. Kodi ndinachita bwino? Kapena tsamba limodzi lija lokha, la mwana wanga, ndikanaling'amba?