A Yohane Awiri, Fayilo Imodzi

Ndinaphunzira kuwerenga ndili kale ndi ana atatu, kusukulu ya akuluakulu ku Kasisi. Choncho atandilemba ntchito yolowetsa milandu ya m'mabuku akale mu kompyuta papolisi ina kuno ku Chongwe, ndinkaopa chinthu chimodzi: kuoneka mbuli.

Anatiuza kuti dzina likaoneka kawiri tiziliphatikiza. Ndinapeza a Yohane Zulu awiri, mudzi umodzi ku Bundabunda. Wina anaba mbuzi, wina anangochitira umboni ngozi ya njinga. Ndinawasandutsa munthu mmodzi, osayang'ana zaka zobadwa. Ine amene ndinatenga dzina la agogo anga, ndinaiwala kuti kwathu mdzukulu amatero!

Patapita miyezi kunabwera mnyamata atavala tayi, Yohane Zulu wamng'onoyo, womaliza maphunziro ku koleji ya Chalimbana. Ankafuna kalata yoti alibe mlandu, kuti Lachisanu alembedwe uphunzitsi.

"Ba mudala, mbuzi iyo anaba ni ambuya anga. Ine ninali nisanabadwe," anatero.

Ndinaona cholakwa changa pomwepo. Koma sajeni anali ataima kumbuyo kwanga.

"Mwana wanga, kompyuta siinama," ndinayankha.

A Yohane awiriwo ndinawalekanitsa Lolemba mwakachetechete, malo auphunzitsi atapita kale kwa wina.

Lero Yohane amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Ndimayesa kudutsa tsidya lina, koma amandiitana. Ndatsegula pakamwa kangapo kuti ndimuuze, chotuluka ndi moni chabe wakuti, "Mwachoma bwanji?" Iye amandiikira tomato awiri a mbasela, amati "ya ba mudala bathu ba ku polisi," ndipo ine ndimalandira ndi manja awiri.