Switi ya pagolosale

Mng'ono wanga salankhula. Amamva zonse, amakonda kuyendetsa zala pa mpanda wa udzu, koma mawu satuluka. Tikapita naye kumsika ku Neno Boma, ankangofika pagolosale ya bambo wina wachisilamu n'kudzigwetsa pansi, kukuwa mpaka ogula tomato kutembenuka. Bamboyo, poti ndi wachifundo, ankathamanga ndi switi, kukuwa n'kuthera pomwepo. Amayi anatopa ndi maso a anthu. Ananena kuti basi, mwanayu azitsala pakhomo.

Masiku omwewo achemwali anga anabwera kuchokera ku Blantyre, kumene akuchita digiri yachiwiri ya za ulumali ndi kaphunzitsidwe ka khalidwe. Ine ndinkayesa kuti maphunziro otere amathera m'mabuku. Koma iwo anapempha kuti tipite naye kamodzi kokha, n'kukaima pambali, manja kumbuyo ngati wapolisi.

"Mwanayu ngochenjera," anatero pobwerera. "Wazindikira kuti akakuwa, switi imabwera. Woyamba kuphunzitsidwa akhale bambo wa golosale uja."

"Iwe, ukaphunzitse munthu wamkulu ndi ndevu zake?" anafunsa amayi.

Anapitadi, ine pambuyo. Atapereka moni mwaulemu, anapempha kuti switi izituluka mwana akatambasula manja awiri, monga timalandirira zinthu kwa akulu, osati akakuwa.

"Mwana akulira, ine ndizingoyang'ana? Mulungu andiona bwanji?" anadandaula bamboyo.

"Akuonani mukudikira, bambo," anayankha achemwali.

Kunyumba tinkayeserera ndi mtedza wokazinga. Ine ndinkamugwira manja n'kuwatambasula, achemwali n'kuikapo mtedza, tonse n'kuwomba m'manja ngati wakhoza mayeso.

Msika wotsatira mng'ono wanga anadzigwetsanso. Dzanja la bamboyo linali litalowa kale m'botolo la maswiti, achemwali anatsokomola. Bamboyo anatembenuka n'kuyamba kupukuta sikelo yopanda fumbi, thukuta lili kamukamu. Kukuwa kunakula kuposa kale, ine manyazi mpaka kumapazi. Kenaka zii. Mng'ono wanga anadzuka, fumbi mpaka m'tsitsi, n'kutambasula manja onse awiri. Bamboyo anaiwala kuti anagwirizana switi imodzi, anamuthira maswiti odzaza manja.

Tili m'njira ndinafunsa achemwali maphunziro amene ndiyenera kulimbikira pa Fomu 4 kuti nanenso ndidzafike pamene iwo afika. Asanayankhe, amayi anandilozera mwanayo, yemwe anali patsogolo masaya ali tuu.

"Zimenezo mukambirana kunyumba. Uyambe wamuchapira diresi, msika winawo tibwera nayenso."