Munda Wanga wa M'phiri ku Zóbuè

Atatisamutsa kumudzi kwathu kuti akumbe malasha, tinapatsidwa nyumba ku Cateme. Nyumbayo inali yamalata, koma munda wathu unali miyala yokhayokha, khasu kumangolira. Amuna anga atamwalira, ndinatenga ana anga awiri n'kukwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Zóbuè kwa achimwene anga.

Achimwene analibe malo otsala. Anandikweza m'phiri, kumtunda kwa minda yonse, n'kundilozera thengo.

"Lima apa, mlongo. Enanso alima cha uko."

Ndinagwetsa mitengo ndekha mpaka manja anachita matuza. Nthaka inali yakuda, yofewa, ndipo chimanga chinakula mosiririka. Chitayamba kubereka, kunabwera afisikale atatu, alonda a nkhalango, zikwanje zili m'manja.

Wamkulu wawo anati, "Mayi, muno ndi m'nkhalango yotetezedwa. Miyala yopaka utoto ija simunaione?"

"Ndinaiona, bambo. Kwathu miyala yotere ankaika ndi anthu a malasha. Nanunso mukufuna kukumba?"

"Sitikumba ife. Kasupe amene mudzi wonse umamwa amachokera muno. Mitengo ikatha, aphwa."

Mnzake anayamba kutema chimanga. Ndinadzigwetsa pamzere patsogolo pake, ndikukuwa kuti ayambe watema ine. Wamkulu uja anamugwira mkono, nati nkhaniyi tikakambe pagulu.

Tinakumana pabwalo la tchalitchi. Amayi a m'mudzimo anadandaula kuti kasupe wachepa, ndipo sankanama. Ndinali nditawaonapo alamu anga akupala matope ndi chikho. Nthawi yanga itakwana ndinaimirira.

"Kumunsi anatichotsa chifukwa cha malasha. Kumtunda mukutichotsa chifukwa cha mitengo. Ndiuzeni pamene ana anga aponde."

Anthu anayang'ana pansi. Ngakhale achimwene anaweramitsa mutu.

Dzuwa litapendeka anagwirizana chonchi: ife a m'phiri tikolole chaka chimenecho chokha, tikatero tibzale mitengo m'minda mwathumo n'kutsika. Bowa, uchi ndi nkhuni zouma anatilola. Ine akuluakulu a mpingo anandibwereka kadimba kudambo. Anthu anawomba m'manja, nanenso ndinawomba.

Mitengoyo ndinabzala ndi manja anga, mbande iliyonse paphando pomwe panali chimanga. Koma kadimbako kanali kakang'ono, kosati n'kudyetsa anthu atatu. Mvula yotsatira isanagwe, nkhokwe inali mbee. Tinakhalira bowa ndi mango owiritsa mpaka wamng'ono anayamba kutupa mapazi.

Pamenepo ndinatenga mwana wanga wamkazi, yemwe anali asanamalize sukulu, n'kukamusiya ku Moatize, kudera lotchedwa 25 de Setembro, kuti azikalera ana a munthu wina wogwira ntchito kumgodi. Pachipata anandigwira chitenje.

"Amayi, mudzanditenga liti?"

"Tikakolola," ndinatero.

Anandiyang'anitsitsa, poti kadimba kaja ankakadziwa. Kenaka mayi wa pakhomopo anamuitana, iye n'kulowa.