Matumba Anayi a Ababa

Kukoleji ndinkafuna Jogalafe, koma malo anali atadzaza, ndiye anandiponya ku maphunziro a zipembedzo. Kwathu ku Lungwena ndinangonena kuti ndikuphunzira zauphunzitsi. Silinali bodza, kungoti zoona zake sizinakwane. Zotsalazo ndinabwera nazo ndekha m'chikwama pa holide yoyamba: buku la Akhristu, la Ahindu, kena kakang'ono ka Abuda, ndi dikishonale yonenepa yondithandiza Chingerezi chovuta cha m'mabukumo. Ndinawakankhira kunsi kwa bedi.

Anawapeza ndi amayi posesa, ndipo amayi anga nkhani siigona m'kamwa mwawo. Dzuwa lisanafike pamutu, amalume anali atatulukira pa njinga, thukuta lili kamukamu. Amenewa ndi mlongo wawo wa amayi, ndipo kwathu mawu a amalume amalemera kuposa a mwini nyumba.

Mlandu unakhalira pakhonde pomwe ababa, amene anali telala, ankasokerapo. Amalume anayala mabukuwo pasimenti ngati katundu wopezeka ndi mbava.

"Alamu, mwaona?" anatero akuloza mtanda wa pachikuto. "Tinatumiza mwana kusukulu, watibwerera ndi matchalitchi atatu. Kumeneko asapitenso. Akhale pompano, mwamuna timupezera."

Ndinayesa kufotokoza kuti kuwerenga si kulowa mpingo, kuti wophunzira za malungo sadwala malungo chifukwa cha buku. Amalume anati pakamwa pamenepo ndiye umboni wachiwiri. Mtima unandipsa mpaka misozi, koma mantha ndiwo anali aakulu. Pamtundu pathu ndinali mtsikana woyamba kuponda kukoleji, ndipo ndinkaona zonse zikuthera pakhonde pomwepo.

Ababa Chingerezi sankachidziwa. Buku lawo linali limodzi, Msaafu, buku loyera la ife Asilamu, ndipo linkakhala m'thumba lansalu pashelefu yapamwamba, popanda kanthu pamwamba pake. Anaimitsa makina n'kuyang'ana pansi.

"Eni ake a mabukuwa amati ndi mawu a Mulungu?"

"Amatero, Baba."

"Ndiye akutani pansi poyenda nkhuku?"

Amalume anati nkhani si imeneyo, koma ababa anali atanyamuka kale. Anakasamba m'manja ngati akupita kokaswali kumzikiti, n'kuyamba kutola limodzilimodzi kuika patebulo lodulirapo nsalu. Kusanjikiza anakana, poti sankadziwa loyenera kukhala pansi pa linzake. Tebulo lonse linadzaza, mayunifolomu a ana asukulu anasowa podulira, ndipo amalume anakwera njinga yawo akunena kuti nyumba yonse yazungulira mutu, koma mawu awo sabweza.

Masabata atatu anatha ababa osandiuza ngati ndibwerera kusukulu kapena ayi. Ndinkangowaona akuyeza mabukuwo ndi tepi, ngati akuyeza makasitomala osadziwa kuyankhula. Ulemu waukulu unkapita kwa dikishonale. Ankainyamula ndi manja awiri, ndipo tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo wodzasoketsa buluku kuti anthu a buku lalikululi Mulungu anacheza nawo nthawi yaitali. Ndinaluma mlomo n'kulowa m'nyumba. Ndikanayamba bwanji kukonza munthu amene akundiweruza?

M'mawa wa tsiku lobwerera kusukulu sindinalongedze kalikonse. Ndinangokhala kuseri kwa nyumba, tiyi akuzizira m'kapu, mpaka ababa anandiitana. Patebulo panali matumba anayi, lililonse ndi chingwe chake chokolekera, mabuku ali m'kati. La dikishonale linali la nsalu yoyera yowala, imene ankasungira mkanjo wawo wa pa Idi. Apa kubisa kunandikanika.

"Baba, ili si la chipembedzo. Ndi lomasulira mawu a Chingerezi basi."

"Palibe amene amapemphera nalo?"

"Palibe."

Anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira basi imene yamusiya pasiteji.

"Amalume ako asamve zimenezi," anatero motsitsa mawu.

Ndinaseka, ndipo kuseka kuja kunasanduka kulira ndisanakonzeke, chifukwa ndinawakonda bambo anga m'mawa umenewo kuposa mmene ndikanathera kuwauza. Iwo ananamizira kusaona. Anandikoleka matumbawo paphewa, awiri uku awiri uku, n'kuwongola zingwe ngati akuyeza diresi.

"Za amalume ako undisiyire ine," anatero. "Kalongedze msanga, matola akusiya. Ndipo ukakumana nawo eni ake a mabukuwa kumeneko, asakanene kuti mwana wa telala wa ku Lungwena amaika katundu wa anthu pansi."