Tsiku Limene Tinagulitsa Msuweni Wanga

Ku Chinyunyu anthu amakanganabe ngati timu yathu inachita bwino kugulitsa msuweni wanga. Ine akandifunsa ndimati inachita bwino, ndipo ndimayankha msanga kuti nkhaniyo ithe.

Zinali m'zaka za m'ma 1990. Tonse awiri tinkagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, madzulo n'kumakamenya bola pabwalo la sukulu. Iye ankamwetsa zigoli, ine ndinkasewera pakati. Koma tanenani zoona, chigoli chimagwa kumwamba? Wolanda mpira ndinali ine, wopondedwa ndinali ine, zipsera zili m'miyendomu mpaka lero. Iye kwake kunali kuima kutsogolo ngati akudikira basi, mpira ukamupeza n'kungogunda. Basi azimayi nthungululu, kuimba dzina lake. Ine ngakhale madzi akumwa ndinkakatunga ndekha.

Tsiku lina galimoto ya azibambo awiri inafera pafupi ndi bwalo. Anali akuluakulu a timu ya kampani ina ya ku Lusaka, ndipo podikira makanika anabwera kudzaonera masewero athu. Zigoli zonse zimene msuweni wanga anamwetsa tsikulo zinachokera kuphazi langa. Pasanapite nthawi anthu aja anatumiza mawu akuti akumufuna. Iye amupatsa malo mu timu, ntchito pakampani ndi chipinda chogona. Ife atipatsa majezi, mipira ndi maukonde a pagolo.

Nsanje inandigwira, sindibisa. Lusaka ndinkaifuna ine. Ndinali nditatopa ndi kuthamangira mabasi, nthochi zili m'manja, apaulendo akunditukwana pawindo.

Pamsonkhano wa timu panavuta. Ena ankati, "Munthu wathunthu kumusinthanitsa ndi malaya?" Ena ankati tatopa kusewera chifuwa pamtunda, chifukwa popanda majezi ife ndi amene tinkavula malaya kuti tisiyane ndi timu inayo. Ine ndinaimirira n'kukuwa kuti, "Apite! Tione ngati kumeneko akapeze womuikira mpira paphazi." Anagwirizana zomugulitsa.

Titabalalika ndinatsatira ba tcheyamani a timu, bambo wogulitsa tomato pamsika wa ku Rufunsa.

"Ba tcheyamani," ndinatero, "muwauze anthu aja kuti zigoli zija zili ndi mwini wake. Akatenga iye yekha agula njinga yopanda tcheni."

"Usadandaule, mwana wanga," anandiyankha. "Malonda ndimawadziwa ine. Nawenso upita."

Kuyambira pamenepo ndinkayenda ngati wa m'tauni kale. Nthochi ndinkagulitsa mosanenerera.

Tsiku lomutenga linafika, mudzi wonse uli pabwalo. Azibambo aja anatsitsa katundu, majezi obiriwira onunkhira sitolo, anthu n'kumawagwiragwira. Msuweni wanga anakwera kutsogolo, mano onse pamtunda. Apo ba tcheyamani anandigwira paphewa n'kundikankhira kwa alendo aja, monga amachitira akamawonjezera tomato pamulu wa kasitomala wabwino.

"Mabwana, mwagula bwino, simunativute," anatero mokweza. "Kwathu kuno wogula bwino sapita chabe. Tengani na uyu, mbasela."

Mayo ine! Mbasela, pamaso pa amayi anga ndi atsikana onse a m'mudzi! Komabe ndinaima nji, chifuwa patsogolo. Mumtima ndinkati kaya mbasela kaya chiyani, bola ndikwere galimotoyo.

Mmodzi wa azibambo aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumwetulira mwaulemu.

"Zikomo, ba tcheyamani, koma ameneyo msungeni. Apakati tili nawo ambiri."

Galimoto italira, msuweni wanga anatulutsa mutu pawindo. "Msuweni, usade nkhawa! Nsapato zanga zikatha ndidzakutumizira!"

Iye anamugula, ine anandikana waulere. Ndinadikira kuti anthu onse achoke, kenako ndinazungulira kuseri kwa kalasi kukatenga chikwama changa cha zovala, chimene ndinabisa kumeneko m'mawa.