Mapedale Othawa Miyendo ya a Benedito

Ku Canongola, mumzinda wa Tete, aliyense amawadziwa a Benedito, ngakhale kuti si aliyense amawaona. Mukaona galimoto ikudutsa yokha, m'kati mukungooneka chipewa pamwamba pa chiwongolero, dziwani kuti pansi pa chipewacho pali iwowo. Mlengi powaumba dothi linam'thera atafika m'chiuno, ndiye miyendo anangomata ndi zotsalira m'zala.

Anabadwira ku Angónia, n'kukulira ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo kumeneko ndi komwe anaphunzira galimoto pa lole yonyamula fodya. Mtendere utabwera anabwerera kuno ali ndi mkazi wawo Eneles komanso timatabwa titatu ta mlombwa. Timatabwato ankatimangirira ndi mphira pa mapedale, popondera paja, kuti phazi lizifika. Galimoto iliyonse imene anagwirapo mu Tete muno inavalapo timatabwa timeneti, ndipo ngozi sanachitepo, kupatula nkhuku zimene zinadzipereka zokha.

Zaka zapitazi akhala motorista, kunena kuti dalaivala, wa Dona Amélia wa ku dera la Josina Machel, mayi wogula mbatata ya kachewere ku Angónia n'kumagulitsa m'misika ya mumzinda. Chaka chatha mayiyu anagula karinya, galimoto yaikulu yotseguka kumbuyo, imene kampani ina ya malasha ku Moatize inatopa nayo. Anaiyendetsa yekha kubwera nayo kunyumba, poti naye galimoto amaidziwa, ngakhale kuti msinkhu anangowaposa a Benedito ndi duku.

"Matabwa anu aja muno asalowe," anatero Dona. "Apolisi ndatopa nawo. Ngati phazi silifika, nenani. Hélio alipo."

Hélio ndi mwana wa mchemwali wake wa Dona, mwamuna wamtali ngati mtengo wa magetsi, amene anali atangotenga chiphaso choyendetsera ndipo ntchito ankaifuna ndi maso ofiira.

A Benedito anakwera. Anakokera mpando kutsogolo, n'kutambasula mwendo monga mwa masiku onse, kuyembekeza kuponda mphepo. Phazi linagwera pa buleki, tha! Anayesa la moto, nalo linali pomwepo. Anayang'ana mawondo awo ngati alendo.

"Amake Paula," anatero atafika kunyumba, "ndatalika."

"Pa msinkhu wanuwu chimatalika ndi dazi basi," anayankha Eneles.

Komabe anawaimika pa mphuthu ya chitseko n'kulemba mzere ndi khala pamwamba pa mutu. Timatabwa tija a Benedito anatipereka ndi mwambo wonse. Kamodzi Eneles anachirikizira kabati yopendekeka, tiwiri anakolezera mbaula.

Lolemba linafika. Anakwera, kutambasula mwendo, phazi lii m'malere. Mapedale anali uko, kutali ngati tsidya la Zambezi. Anatsika, kuyang'ana nambala ya galimoto, inali yomweyo. Anayang'ana nsapato, zinali zomwezo. Kufunsa sakanafunsa, chifukwa Hélio anali chiimire pageti akusenda nthochi. Choncho anasendera kunsonga kwa mpando, chifuwa chili pa chiwongolero, n'kupita ku Angónia akuponda ndi zala zokha. Pobwerako katumba anali atauma ngati chinangwa cha chaka chatha.

Zinakhala choncho mpaka Lachinayi. Lachisanu m'mawa phazi linafikanso bwinobwino. Loweruka chimodzimodzi. Lolemba, mphepo.

Zoti Lamulungu lililonse Hélio amanyamulira anzake a mpira pa karinyayo ankazidziwa. Zoti Lachinayi masana Dona amapita nayo kumapemphero a amayi ankazidziwanso. Koma zimenezo zikukhudzana bwanji ndi miyendo ya munthu? Mpando ankaupeza utasuntha, n'kuubweza. Mpando amaudziwa. Koma chitsulo chomangidwa pansi pa galimoto, chiyambire Dedza, sanamvepo kuti chimayenda. Ndiye choyenda chinali miyendo.

Anayamba kufufuza. Poyamba anaganizira mowa wa Lamulungu, nausiya, anzawo a pa bawo mpaka kubwera kudzazonda matenda. Lolemba miyendo inafupikabe. Kenako anati mwina ndi nsomba ya Lachinayi imene imawatalikitsa, Eneles n'kuphika pende sabata yathunthu mpaka amphaka a m'dera lonse anasamukira pakhomopo. Osathandiza. Anapita kuchipatala chaching'ono, namwino anawayeza msinkhu, n'kuwafunsa kawiri chimene chikuwawa, kenako anawauza kuti azimwa madzi ambiri poti dzuwa la Tete limasokoneza.

Mzere wa khala uja sunasunthe.

"Mwaona? Muli pomwe paja," anatero Eneles.

"Ndiye kuti chitsekonso chikufupika."

"Chikufupika Lolemba lokha?"

"Nanga ine ndikufupika liti?"

Mnansi wina anawanong'oneza kuti ntchito ikakhala ndi woifuna, miyendo siifupika yokha. Kuyambira pamenepo a Benedito anasiya kulandira nthochi kwa Hélio.

Zinaululika Lachiwiri lina akuchokera ku Angónia, Dona ali pambali, kumbuyo matumba ali phamuphamu. Akuyandikira mlatho wa pa Zambezi, njinga yamoto imene inali patsogolo inaima mwadzidzidzi. Chala cha a Benedito chinaterereka pa buleki, anachita kudumphira pansi ndi thupi lonse kuti aponde. Galimoto inaima itatsala pang'ono kununkhiza njingayo. Thumba limodzi linaphulika, mbatata n'kuyamba ulendo wawo wapansi kulowera mumzinda.

Dona anawayang'ana ali lende pansi pa chiwongolero.

"A Benedito, mwakhala bwanji ngati mbalame pa waya? Bweretsani mapedalewo pafupi."

"Ndiwabweretse bwanji, mayi? Ndiwaitane maina?"

Dona anatambasula dzanja n'kudina kabatani kena kobisala m'mbali mwa chiwongolero. Pansi panamveka kulira ngati kwa njuchi, ndipo mapedale aja anayamba kusendera okha, pang'onopang'ono, mpaka kudzagunda nsapato ngati galu wopepesa.

A Benedito anayang'ana mapedale, anayang'ana Dona, anayang'ana mawondo.

"Nanga miyendo yanga?"

"Yatani miyendo yanu?"

Atafotokoza, Dona anaseka mpaka duku kugwa. Atatha kuseka nkhope inasintha. "Nthawi yonseyi mwakhala mukunyamula katundu wanga ndi chala chimodzi? Ine ndimati motorista wakale mukudziwa. Ulendo wa mawa apite Hélio. Za inu ndiganiza."

Masana amenewo, atatsitsa matumba, a Benedito anatsalira m'galimoto pabwalo la Dona, dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mangawa. Kabatani kaja sanakakhulupirire. Anadina, mapedale anapita. Anadina, anabwera. Ankafuna agwire pamene chinyengo chili. Anapita, anabwera, anapita, anabwera, kulira kwa njuchi kuja kukusanduka kwa nkhumba. Ulendo wina anabwera mpaka kumapeto, panamveka kafungo ka waya wopsa, basi. Kudina, zii.

Gelson, makaniko wa ku Matema, anagona chagada pansi pa chiwongolero n'kutulukamo nkhope ili bii.

"Kamota kake kapsa, madala. Kanali katadya kale fumbi la malasha, ndiye wina wakathamangitsa ngati chigayo. Muno mu Tete simungakapeze. Tiitanitse kunja, kabwera tsiku limene kafune."

"Wina ndani?" anafunsa Dona.

A Benedito anali kalikiliki kupukuta galasi loyera kale.

M'mawa mwake Hélio anakwera kuti anyamuke. Anakankhira mpando kumbuyo mpaka unakana, koma mawondo anatulukabe uku ndi uku kwa chiwongolero ngati chiwala chili pa mpani. Pochotsa phazi pa moto kuti aponde buleki, bondo linagunda chiwongolero, hutala n'kulira. Anayesanso, inaliranso.

"Tiyu Benedito, mwaichita chiyani galimotoyi?"

"Ine? Mwina mwatalika, mphwanga. Zimachitika. Muzimwa madzi ambiri."

Dona anapumira m'mwamba, n'kuwaponyera makiyi a Benedito.

Mpaka lero ndi iwo akupita ku Angónia, atakhala tsa ngati bwana, phazi lili pa buleki lonse. Madalaivala anzawo akawafunsa ngati mapedale oyenda okhawa ali abwino, amavula chipewa n'kukanda dazi. "Ali moyo anatsala pang'ono kundichotsa ntchito. Atafa ndi pamene akundisunga. Ndiye abwino ndi ati, amoyo kapena akufa? Mundiuze ndinu."

Akamachokera ku Angónia amapatukira ku Matema kukafunsa ngati kamota kaja kafika. Gelson akati sikanafike, amam'siyira kathumba ka mbatata n'kumuuza kuti zinthu zakunja sizifuna phuma. Koma Lolemba lililonse asanatuluke m'nyumba, amaimabe pa mphuthu ya chitseko, msana uli chilili, n'kuitana Eneles kuti adzaone mzere.