Kanjira ka Njinga Kuseri kwa Paki

Ku Doha ndinayamba kubwera ndine. Ndinapeza ntchito ya unamwino pachipatala china, ndipo nditakhazikika, bambo a kunyumba anasiya uphunzitsi ku Ntcheu n'kunditsatira limodzi ndi mwana wathu wamkazi. Tinkakhala m'dera lotchedwa Nuaija, m'chinyumba chimene mwini wake anachiduladula kuti mulowe mabanja angapo. Ife tinali ndi zipinda ziwiri ndi kakhitchini.

Miyezi yoyambirira inawalemera. Munthu amene kwathu ana asukulu ankalimbirana kumunyamulira chikwama, kuno ankangokhala m'nyumba kudikira kuti mkazi aweruke. Ankaphika, kuchapa, kuperekeza mwana kusukulu, osadandaula ngakhale pang'ono. Koma ndikabwera kushifiti ndinkawapeza atangokhala duu, wailesi yakanema ikudzilankhulira yokha. Ntchito anadzaipeza, yoyang'anira katundu m'sitolo yogulitsa zipangizo za galimoto, ndipo n'kumeneko anadziwana ndi anthu a njinga zamoto.

Linali gulu losakanikirana. Munali makaniko wina wa ku Philippines amene ndiye anawakopa, amwenye angapo, mkulu wina wa ku Sudan, ndi anyamata awiri eni dziko. Bambo a kunyumba njinga yamoto sanaiphunzirire kuno. Bambo awo anali mlangizi wa zaulimi, ndipo anawaphunzitsa kukwera ali mnyamata, m'misewu yokumbikakumbika ya kumapiri. Atagula yawoyawo, yakutha kale, makaniko uja anawathandiza kuidzutsa. Tsiku limene inalira koyamba pabwalo la nyumba, ndinamva mwamuna wanga akuseka chikhakhali chimene ndinali nditachiiwala.

Malo awo anali kuseri kwa paki ina ya kumapeto kwa tauni. Kutsogolo kwa pakiyo kunali kapinga wothiriridwa, mipando ndi malo osewererapo ana. Kumbuyo anangokusiya mmene kunalili: miyala, mchenga, timapiri ting'onoting'ono, ndi kanjira kokhotakhota kamene njingazo zinalambula zokha mpanda wa pakiyo usanamangidwe n'komwe. Pakati pa malowo panali potsetsereka, ngati kadambo, pamene madzi ankatsalira mvula ikagwa. Kuno mvula imagwa mwa apo ndi apo, ndiye kadamboko kankadabwitsa. Pankamera udzu weniweni, osati wobzala, ndi timaluwa tachikasu pansi pa timitengo taminga. Panali mbalame zina zofiirira zoikira mazira pansi penipeni, ndi abuluzi akuluakulu onga ng'azi amene ankasuzumira m'mauna.

Nyengo yozizira ikafika, Lachisanu lililonse limene ndinalibe shifiti, poti ndilo tsiku lopuma kuno, tinkapitira limodzi m'mamawa. Iwo ankavala chipewa chawo n'kulowera kukanjira, ine n'kukayenda ndi amayi ena amene tinadziwirana pompo. Tinkazungulira m'mbali mwa kadambo kaja, titayang'ana pansi ngati otola mtedza. Mayi wina wa ku Egypt, mphunzitsi wa sayansi, ndiye ankatilozera zisa. Ndinkakonda malowo, chifukwa Doha yense ndi pokhapo pamene ndinkamva fungo la dothi lonyowa.

Tsiku lina, mvula itagwa chakumayambiriro kwa sabata, ndinatsalira m'mbuyo kumanga chingwe cha nsapato. Ndinamva njinga zikubwera. Kanjira kawo kanali katadzaza madzi pamalo ena, ndipo amene anali patsogolo anangokhotetsa n'kutsikira m'kadambo. Enawo anamutsatira mondondozana, matope ali fwaa m'mwamba, akukuwa ndi chimwemwe. Wotsiriza anali bambo a kunyumba. Ndinawadziwira juzi yobiriwira imene ndinawagulira ndine. Atadutsa ndinatsikirako. Udzu unali utang'ambika m'mizeremizere, ndipo pamphepete pa mzere umodzi panali chisa chophwanyika, mbalame ikungozungulira chapafupi.

Pobwerera kunyumba ankayimba nyimbo zakwaya m'galimoto, nkhope ili matope okhaokha. Ndinati ndiwauza tikafika. Titafika ndinati adye kaye. Atadya anagona tulo tabwino, ndipo mawa lake ndinali kuntchito. Nkhani ija sindinawauze.

Sipanatenge nthawi, zinamveka kuti kampani yosamalira pakiyo ikufuna kutseka mbali yakumbuyo kuti njinga zisamalowenso. Anthu anali atadandaula za phokoso, za udzu, ndi za mbalame zija. Manijala wa pakiyo, bambo wofatsa wa ku Lebanon amene tinkapatsana naye moni pageti, anati asanagamule amve kaye mbali zonse. Anaitanitsa msonkhano.

A njinga anasankha bambo a kunyumba kuti akawalankhulire, poti ndi mphunzitsi ndipo Chingerezi chawo n'chomveka. Anaitenga ntchitoyo ngati akukonzekera kuphunzitsa pamaso pa woyendera sukulu. Madzulo aliwonse ankayeserera akusita malaya, ine n'kukhala omvera awo. Mfundo zawo zinali zomveka ndithu. Ankati iwo anayamba kukwera pamenepo paki isanabwere. Ankati ndi iwo amene amatolera mabotolo ndi mapepala amene anthu amataya. Ankati munthu wogwira ntchito sabata yonse, wopuma tsiku limodzi, sangathe kumapita kuchipululu chakutali, ndipo akawatsekera pano anyamata azikathamangitsa njinga m'misewu ya tauni. Pomaliza ankatsindika kuti gulu lawo silichoka m'kanjira, silinapondepo m'kadambo.

Mawu omalizawo ndinawamva kangapo konse, simbi ikuyenda pamalaya. Sindikhulupirira kuti ankanama mwadala. Kwa iwo tsiku lija kunali kungolambalala madzi, chinthu chakamphindi chosafunika kuchikumbukira. Akamaliza ankandifunsa kuti, “Zikumveka, amayi?” Ine n'kumati zikumveka bwino kwambiri. Ndinkaona mmene maso awo ankawalira, ndipo ndinkadziuza kuti ine ndikangokhala phee kumbuyo, palibe adzandifunse kanthu.

Msonkhanowo unachitikira m'kachipinda ka alonda pafupi ndi geti, chakumadzulo dzuwa litapepa. A njinga anakhala mbali imodzi, zipewa zili pamaondo. Amayi oyenda aja anakhala mbali inayo. Ine ndinasowa pokhala, mpaka ndinaima pafupi ndi chitseko. Mphunzitsi wa ku Egypt analankhula za zisa ndi za dothi limene likaphwanyika silibwerera msanga. Mkulu wa ku Sudan anamuyankha kuti mathirakitala omanga nyumba kuseri kwa mpanda awononga malo aakulu kuposa njinga zonse za m'dziko muno, koma palibe amawaitanira msonkhano. Anthu anang'ung'udza, ena kuvomereza. Kenako bambo a kunyumba anaimirira. Analankhula modekha, mwaulemu, mpaka ena mwa amayi aja ndinawaona akugwedeza mitu. Ndinawanyadira. Anamaliza ndi mawu awo aja, n'kukhala pansi, anzawo akuwasisita paphewa.

Kenako manijala anandiyang'ana. Ankadziwa kuti ndimayenda kumeneko, ankadziwanso kuti ndine mkazi wa ndani. Ndiganiza ankafuna kuwathandiza bambo a kunyumba, poyesa kuti ndiwaikira kumbuyo.

“Sisitala, inu mumakhala kumeneko Lachisanu lililonse. N'zoona kuti satsikira m'munsi muja?”

Chipinda chonse chinatembenuka. Mphunzitsi uja ankandiyang'ana, ndipo ndinakumbukira kuti tsiku lija ndinamuonetsa chisacho, ngakhale sindinamuuze amene anali pa njinga. Bambo a kunyumba ankamwetulira, kudikira.

“Anatsikirako kamodzi,” ndinatero. “Mvula itagwa. Onse.”

Ndinayesa kuwonjezera kuti kanali kamodzi kokha, kuti kanjira kanali katadzaza madzi, koma palibe ankamvanso. Mmodzi mwa anyamata eni dziko anangoti “khalasi,” kutanthauza kuti basi zatha, n'kunyamula chipewa chake n'kutuluka. Kumwetulira kwa mwamuna wanga kunatha pang'onopang'ono. Anawerama n'kumayang'ana nsapato zawo.

M'galimoto sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Titafika pamaloboti a pafupi ndi kwathu m'pamene anatsegula pakamwa.

“Mukanandiuza kunyumba, amayi. Ndinakufunsani kangati?”

Akanadziwa, akanasintha mawu awo. Akanavomera okha kuti analakwitsa kamodzi, n'kupempha kuti aike timitengo m'mbali mwa kanjira kuti zisachitikenso. Mwina akanawatsekerabe, sindikudziwa. Koma sakanaoneka wabodza pamaso pa anzawo, wotsutsidwa ndi mkazi wawo yemwe.

Patapita masabata ochepa anaika chitsulo pakhomo la kanjira ndi chikwangwani choletsa njinga. Gululo linayamba kumapita kuchipululu cha kummwera, ulendo wofuna galimoto yonyamulira njinga ndi tsiku lathunthu. Bambo a kunyumba anapitako kawiri kapena katatu. Ankabwerako atatopa, osayimba. Sanandiuze zimene anzawo ankanena, koma tsiku lina makaniko uja atabwera kudzatenga sipanala yake, anandipatsa moni ataima pageti, munthu amene kale ankalowa mpaka kukhitchini kudzitengera madzi. Ndinayesa kusinthana mashifiti ndi anzanga kuti Lachisanu ndizikhala ndi mwana, iwo azipita momasuka. Anandithokoza, n'kunena kuti ndisavutike, msana wayamba kuwapweteka.

Chilimwe chitafika, kutentha kuja koti munthu sungagwire chitseko cha galimoto, njingayo anaifunditsa nsalu. Nyengo yozizira itabweranso sanaivundukule. Anaigulitsa kwa mkulu wa ku Sudan uja, amene anabwera ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo. Ine ndinagwirizira geti kuti mphepo isalitseke. Atamangirira njingayo, bambo a kunyumba anamufotokozera kuti m'mamawa imavuta kulira, azingoipatsa mpata, asamaikakamize. Anabwereza kawiri.

Tsiku lomwelo tikutsuka mbale ndinawapepesa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti zimene ndinanena kumsonkhano zinali zoona, sakanafuna kuti ndiname. Anati chimene chinawawawa n'choti anzawo anaona kuti m'nyumba mwathu sitiuzana zinthu. Anandilandira mbale m'manja n'kuipukuta. Tikukhala bwinobwino mpaka lero. Lachisanu amadzuka mochedwa, amatsuka galimoto, amaimbira foni abale kumudzi, ndipo madzulo timapita kumapemphero.

Amayi oyenda aja anandiimbira kangapo. Mphunzitsi wa ku Egypt anati ndinachita zamphamvu, ndipo mawu amenewo anandichititsa manyazi kuposa chilichonse. Ndinayamba kumapereka zifukwa, lero shifiti, mawa mutu. Masiku ano ndikafuna kuwongola miyendo ndimangozungulira m'misewu ya ku Nuaija, pakati pa mipanda, kulonjerana ndi atsikana antchito otulutsa zinyalala.

Mvula itagwa chaka chino, bambo a kunyumba anandipeza ndikuvala nsapato zoyendera. Anandifunsa chifukwa chake sindipitanso kupaki. Ndinati n'kutali.

“Pitani, amayi,” anatero. “Mukaone ngati udzu uja unamera, mudzandiuze.”

Anandipatsa makiyi a galimoto. Ndinawalandira, ndinatuluka, ndinakhala m'galimotomo kwakanthawi. Kenako ndinatsika n'kukazungulira m'misewu yomwe ija. Nditabwerako sanandifunse, ndipo ine ndinangopachika makiyi pamsomali n'kukatereka madzi a tiyi.